Mawu a Chingerezi ndikuwadziwa, koma chiganizo chikundikana

Funso: "Aphunzitsi, ndine mnyamata wa zaka 26. Kwathu ndi ku Domwe, ku Angonia, koma panopa ndili ku Moatize komwe ndimathandiza amakaniko pagalaja ina yokonza malole. Ndinamaliza kalasi 12, ndipo mawu a Chingerezi ndikudziwa ambiri, ndili ndi kope lodzaza ndi mawu amene ndimaloweza usiku uliwonse. Koma ndikati ndilankhule ndi madalaivala a ku Zimbabwe kapena ku Zambia amangondiyang'ana, ena amandibwezera mawu anga omwewo atawasanja mwa mtundu wina. Tsiku lina ndinafunsa wina kuti 'You want I change the filter of oil when?' ndipo anayamba wakhala chete asanandiyankhe. Chaka chamawa ndikufuna kukafunsira ntchito kumgodi. Kodi vuto ndi mutu wanga, kapena ndachedwa? Ndiyambire pati?"

Achimwene, khazikani mtima pansi. Mutu wanu uli bwinobwino ndipo simunachedwe. Chiganizo mwandilemberachi ndachiyang'anitsitsa, mulibe liwu ngakhale limodzi lachabe. "Want", "change", "filter", "oil", "when", onsewo ndi oyenera, n'chifukwa chake dalaivala uja anakumvani atasinkhasinkha pang'ono. Chimene chinamuchedwetsa ndi malo amene mawuwo anaima. Munatenga mawu a Chingerezi n'kuwasanja mmene timasanjira kwathu: "Mukufuna ndisinthe fyuluta ya oyilo liti?" Lembani ziganizo ziwirizi, china pamwamba china pansi, muona kuti zikuyenda phazi limodzi. Mwini Chingerezi akanati, "When do you want me to change the oil filter?" Pa zaka zonse zimene ndaphunzitsa Chingerezi m'chigawo chino cha Tete, ana a ku sekondale ndi akuluakulu obwera madzulo ataweruka, vuto limeneli ndi limene ndakumana nalo kuposa lina lililonse, ndipo limakonda anthu akhama ngati inu. Ndiye kope la mawu lija litsekeni kaye kwa miyezi ingapo. Mawu muli nawo okwanira. Chimene chikusowa ndi kasanjidwe.

Tiyambe ndi chifukwa chimene Chingerezi chimaumira mtima chonchi pa malo a mawu. M'Chichewa mneni amanyamula tizizindikiro tosonyeza amene wachita ndi amene zamuchitikira. Ndikati "Njoka inamuluma mlimi", "i-" uja akuloza njoka, "-mu-" akuloza mlimi. Ndingathe kutembenuza n'kuti "Mlimi inamuluma njoka", kapena "Inamuluma njoka mlimi", aliyense adziwabe kuti wothamangira naye kuchipatala ndi mlimi. Akatswiri a zilankhulo Joan Bresnan ndi Sam Mchombo wa ku Malawi anasonyeza mu 1987 kuti kachizindikiro ngati "-mu-" kakakhalapo, mawu atatu otere angasanjidwe m'njira zonse zisanu ndi imodzi. Chipwitikizi nachonso chili ndi michira yake, "falo", "falas", "falamos", mchira wokha wakuuzani kale amene akulankhula. Chingerezi chinali nazo zotere zaka 1,000 zapitazo, mayina ankasintha kumapeto posonyeza ntchito yawo m'chiganizo. Michirayo inayoyoka pang'onopang'ono, makamaka m'zaka mazana angapo zotsatira 1066 pamene Anormani olankhula Chifalansa analanda England. Zimene zinatsalako ndi zochepa, monga "I" ndi "me", "he" ndi "him", "we" ndi "us", "they" ndi "them". Ntchito yambiri imene michira ija inkagwira inatsalira malo a liwu. "The snake bit the farmer" ndi "The farmer bit the snake" ndi nkhani ziwiri zosiyana, ndipo palibe china chokuuzani woluma kupatula amene waima kutsogolo.

Zili ngati matumba a chimanga kuchigayo. Thumba lolembedwa dzina, ngakhale wina alikankhire kumbali, mwini wake adziwikabe. Koma matumba onse akakhala ofanana, opanda dzina, chonena kuti ili ndi la auje ndi malo ake pamzere basi, mukalisuntha mwautsa mkangano. Mawu athu ndi matumba olembedwa, a Chingerezi ndi osalembedwa.

Mzere wake ndi uwu: wochita, kenako mneni, kenako chimene zachichitikira, ndiyeno malo, pomaliza nthawi. "The driver left the truck at Zobwe yesterday." Pamenepa Chichewa sichikutsutsana nacho, chifukwa tikamalankhula mosafuna kutsindika kanthu timatinso "Dalaivala anasiya lole pa Zobwe dzulo." Nthawi mungathe kuisunthira kumayambiriro, "Yesterday the driver left the truck at Zobwe", zinazo zisiyeni pamene zili.

Pali chinthu china chimene ndimalakalaka aliyense wa kuno akanauzidwa tsiku loyamba. Ambirife sitinaphunzirepo mmene mneni wa chilankhulo chathu anapangidwira, chifukwa sukulu inali ya m'Chipwitikizi kuyambira kalasi 1. Kuphunzitsa ana m'Chinyanja kunayesedwa kuno ku Tete pakati pa 1993 ndi 1997, n'kudzayamba m'sukulu zina mu 2003, koma ambiri a msinkhu wanu sikunawafike. Ndiye Chingerezi tinachilandira kudzera m'Chipwitikizi, ndipo mpaka lero munthu amaganiza m'Chichewa, n'kumasulira m'Chipwitikizi, kenako n'kumafufuza Chingerezi chake. Ulendo wozungulira pamene njira yachidule ilipo. Tengani mneni wathu mumudule zidutswa. "Ndi-dza-pita": "I will go". "Ti-ku-dikira": "We are waiting". "Mw-a-maliza": "You have finished". "A-nga-bwere": "They may come". Mwaona? Zidutswa zitatu, wochita, nthawi, ntchito, zikutsatana chimodzimodzi m'zilankhulo ziwirizi. Kusiyana kwake n'kwakuti ife timalemba ngati liwu limodzi pamene iwo amasiya mipata. Chipwitikizi chimakankhira zonsezo kumchira, "irei", "chegaram", choncho pamenepa Chichewa chanu chili pafupi ndi Chingerezi kuposa chilankhulo chimene munalembera mayeso.

Tizidutswa tiwiri tokha ndi timene timasamuka. Kachizindikiro ka munthu amene zamuchitikira, "-mu-", "-wa-", "-ku-", ife timakaika mneni asanabwere, ndipo Chipwitikizi cha kuno chimachitanso zomwezo pamene anthu akuti "eu lhe vi". Chingerezi chimakaika pambuyo: "Ndi-dza-mu-imbira" ndi "I will call him". Kachiwiri ndi "si-" wokanira, amene kwathu amatsogolera zonse koma kwawo amabwera pambuyo pa kachidutswa ka nthawi: "Si-ndi-dza-pita" ndi "I will not go".

Tizidutswa ta pakatito, "will", "are", "have", "may", pamodzi ndi anzawo "is", "was", "can", "must", "should", amatitcha aneni othandizira, ndipo muwagwiritsitse chifukwa zovuta zambiri za chiganizo cha Chingerezi zimazungulira pa iwo. Mukafuna kukana, "not" amabwera pambuyo pawo: "He is not coming", "We cannot start". Mukafuna kufunsa, mumawadumphitsa n'kuwaika patsogolo pa wochita: "Is he coming?", "Can we start?" Ife timangoika "kodi" kumayambiriro kapena kukweza mawu kumapeto, Chipwitikizinso chimangokweza mawu, ndiye zilankhulo zanu zonse ziwiri zimakunong'onezani kuti "You finished?" wakwana. Pocheza amamva ndithu, eni akenso nthawi zina amatero. Koma pamayeso, kapena pamaso pa anthu okufunsani ntchito, akuyembekezera "Have you finished?" kapena "Did you finish?"

"Did" ameneyu wachokera kuti? Chiganizo chikakhala chopanda mneni wothandizira, monga "You finished" kapena "He works here", Chingerezi chimatenga "do", "does" kapena "did" kuti aime pamalo opanda kanthuwo. Khalidwe limeneli linakula m'zaka za m'ma 1500 n'kudzakhazikika cha m'ma 1700. Ophunzira anga ndimawauza kuti "do" amuone ngati "kodi" amene wanyamulanso nthawi. Ndiye iye akanyamula, mneni weniweni amatsala wopanda chilichonse: "Did you go?" osati "Did you went?", "Does it leak?" osati "Does it leaks?" Pokana n'chimodzimodzi, "I don't know", "He didn't come". "I no know" amene timamumva kawirikawiri ndi "não sei" chabe atavala mawu a Chingerezi. Apa ndionjezerepo kuti "I didn't see nothing" amachokera kwa "não vi nada", pamene Chichewa chikanakulondolerani bwino: "Sindinaone chilichonse", "I didn't see anything".

Tifike pa "when" wanu uja. Mawu athu ofunsira amakhala pamalo pamene yankho lidzakhale. "Mukupita kuti?" "Ndikupita ku Furancungo." "Wagula chiyani?" "Zafika liti?" Chipwitikizi cha mumsewu chimateronso, "Vais aonde?" Chingerezi chimasuntha zinthu kawiri. Liwu lofunsira limapita kutsogolo kwenikweni, mneni wothandizira n'kulitsata, kenako wochita, kenako mneni: "Where are you going?", "What did you buy?", "When did the parts arrive?", "How much does it cost?" Ambiri amasuntha koyambako n'kuiwala kwachiwiri, n'kutuluka "Where you are going?" Ndipo dziwani kuti "You are going where?" kwa mwini Chingerezi amamveka ngati mwadabwa, kapena simukukhulupirira zimene wakuuzani, moti mungaoneke wamwano pamene mumangofunsa mwaulemu. Pamene "do" safunika ndi pofunsa za wochita mwiniwakeyo: "Who broke the pump?", "What happened?" Pamenepo wofunsidwayo ali kale kutsogolo, palibe chosuntha.

Mukadzazolowera zimenezi mudzagwa m'dzenje lina, ndipo ndikukuuziranitu kuti musadzataye mtima. Mudzayamba kunena "I don't know where is he" ndi "Can you tell me what time is it?" Funso likalowa m'kati mwa chiganizo china, mawu amabwerera pamzere wamba: "I don't know where he is", "Can you tell me what time it is?" Katswiri wina wa kaphunziridwe ka zilankhulo, Manfred Pienemann, anaonetsa kuti ophunzira Chingerezi amadutsa masitepe otsatizana popanga mafunso, ndipo iyi ndi sitepe yomalizira. Munthu amene akulakwitsa pamenepa ndiye kuti zam'mbuyo zija zamulowa kale. Ine ndikamva wophunzira wanga akuti "I don't know where is he" ndimakondwera, chifukwa ndimadziwa kuti watsala pang'ono.

"You want I change" ndi Chichewa ndi Chipwitikizi zitagwirizana, "mukufuna ndisinthe", "quer que eu mude". Chingerezi pamenepa chimati "want me to change". Chikombole chake chilowezeni chathunthu, chifukwa kuntchito muzichimva tsiku lililonse: "He told me to wait", "They asked us to come early", "I need you to sign". "Let" ndi "make" safuna "to": "Let me check", "He made us wait".

Tsopano "filter of oil". Apa ndi pamene zilankhulo zanu ziwiri zimakukokerani mbali imodzi mwamphamvu, ndipo ndi pamene anthu amachedwa kwambiri kusintha. Ife timayamba ndi chinthucho, zochifotokoza n'kubwera pambuyo: galimoto yofiira, nyumba yaikulu, munda wanga, ana atatu, lole iyi. Chipwitikizi chimati "carro vermelho", "casa grande". Chingerezi chimaunjika zonse kutsogolo, chinthucho n'kubwera pomaliza: "red car", "big house", "my field", "three children", "this truck". Umboni wake mumauona tsiku ndi tsiku osazindikira. Matenda amene zikwangwani za kuno zimalemba SIDA, mukangowoloka pa Zobwe kapena pa Dedza alembedwa AIDS. Bungwe limene nyuzipepala zathu zimalitcha FMI, iwo amati IMF, zilembo zomwezo kuziwerenga chobwerera. Bungwe la mayiko a dziko lonse limene kuno timati ONU, iwo amati UN.

Mayina awiri akatsatana, lamulo ndi lomweli, ndipo kwa inu ogwira zitsulo n'lofunika koposa. Liwu lomaliza ndilo chinthucho, loyambalo likungonena mtundu wake. "Oil filter" ndi fyuluta. "Fuel pump" ndi pampu, "brake pad", "gear box", "coal mine", "truck driver", "safety officer", onsewa awerengeni kuchokera kumapeto. "Water tank" ndi thanki, koma "tank water" ndi madzi. "Oil pump" ndi pampu, "pump oil" ndi oyilo, ndiye mukasinthanitsa pa pepala loitanitsira katundu akubweretserani chinthu china. Nthawi iliyonse pakamwa panu pakafuna kutuluka "of" pamalo a "ya", "wa", "cha" kapena "de", imani kaye muyese kutembenuza. Ngati mwini wake ndi munthu, gwiritsani ntchito "'s": "nyumba ya bambo anga" ndi "my father's house", "kiyi ya dalaivala" ndi "the driver's key". Sikuti "of" ndi woletsedwa, amakhala bwino pa muyeso ndi pa chigawo cha chinthu, "a litre of oil", "the end of the month". Za afotokozi ambiri otsatizana, mabuku amapereka mndandanda wautali woloweza. Musavutike nawo panopa. Kumbukirani kuti kukula kumatsogola, mtundu n'kutsatira, "a big white truck", ndipo polankhula awiri ndi okwanira.

Zina ndingodutsamo msanga. Kupatula polamula, chiganizo cha Chingerezi sichikhala chopanda wochita, ngakhale pamene palibe amene akuchita kanthu. Mu Okutobala mzinda wa Tete ukapitirira madigiri 40 ife timangoti "Kukutentha", Mpwitikizi n'kuti "Está calor", koma "Is hot" ndi wopunduka, pafunika "It is hot". "Kuli", "pali" ndi "muli" ndi "there is" kapena "there are": "There are many trucks at Cuchamano", osati "Have many trucks" amene amachokera kwa "tem". Mbali inayi, musamutchule wochita kawiri. "My brother he works in Beira" amabadwa chifukwa kwathu timati "mchimwene wanga a-magwira", dzina lilipo ndipo "a-" alinso pomwepo. M'Chingerezi ndi "My brother works in Beira". Chimodzimodzi "munthu amene ndina-mu-ona" asakupangitseni kunena "the man that I saw him", "him" achoke. Pakati pa mneni ndi chimene zachichitikira musalowetsepo kanthu: timati "Ndimalankhula bwino Chingerezi", "falo bem inglês", koma iwo amati "I speak English well", "I like this job very much". "Always", "never", "usually" amaima mneni asanabwere, "I always check the brakes". Ndipo poti mukukonzekera mafunso a ntchito, "ndili ndi zaka 26" ndi "I am 26 years old", osati "I have".

Pali chimodzi chimene sindingachidutse msanga chifukwa chingavulaze munthu. Wina akakufunsani m'Chichewa kuti "Simunatseke?" ndipo simunatsekedi, mumati "Eya", kutanthauza kuti wanena zoona. M'Chingerezi "yes" ndi "no" satsata zimene wofunsa wanena, amatsata zimene zachitika. "Didn't you switch it off?" Ngati simunazimitse, yankho ndi "No, I didn't." Mukati "Yes" mukuganiza Chichewa, kapitawo amva kuti makinawo azimitsidwa, n'kutuma munthu kukalowetsa manja. Ndinaphunzitsapo bambo wina wogwira ntchito zamagetsi amene anatsala pang'ono kuchotsedwa ntchito pa nkhani yotereyi, amamunena kuti ndi wabodza pamene iye anayankha zoona mwa kwathu. Mankhwala ake ndi osavuta: kuntchito musayankhe ndi "yes" kapena "no" yekha. Nenani chiganizo chonse, "It is off", kapena "It is still on. I did not switch it off."

Nanga muziphunzira bwanji? Chimene chimagwira ntchito m'kalasi mwanga ndi ichi. Ndimatenga katoni ya sopo, n'kuidula timapepala tokwana m'manja, kalikonse liwu limodzi: THE, DRIVER, WILL, PAY, TOMORROW, NOT, WHEN, ndi chizindikiro cha funso. Ndimayala patebulo "The driver will pay tomorrow." Kenako ndimauza wophunzira kuti akane. Amanyamula NOT, dzanja lake limayamba lapita kumayambiriro kumene "si-" amakhala, limaima m'malere, kenako n'kubwerera kudzamulowetsa pambuyo pa WILL. Ndikati afunse, amakoka WILL ndi chala kumuika patsogolo pa THE. Ndikati afunse za nthawi, amachotsa TOMORROW, WHEN n'kupita kutsogolo kwenikweni. Kusuntha ndi dzanja kumeneku kumalowa m'mutu kuposa lamulo lolembedwa pabolodi, ndipo mungathe kuchita nokha pamphasa madzulo. Tsiku lililonse tengani ziganizo zisanu za zimene zachitikadi pagalaja, zazifupi, monga "I changed the front tyre." Chilichonse muchikane, muchifunse ndi "did", muchifunsenso ndi "when", "why" kapena "which". Muzinena mokweza, osati chamumtima, chifukwa lilime nalo liyenera kuzolowera. Mphindi 20 tsiku lililonse zimaposa maola atatu a Lamlungu lokha. Mukalakwitsa, dzifunseni kuti chalankhula pansipa ndi Chichewa kapena Chipwitikizi. Mukachidziwa gwero lake, cholakwacho sichichedwa kutha.

Madalaivala amene amakubwezerani mawu atawasanja bwino aja akukupatsani phunziro laulere. Musachite manyazi, bwerezani zimene anenazo mokweza pomwepo, ndipo akachoka muzilembe. Tili ndi mwayi kuno umene a ku Inhambane alibe: chigawo chathu chazunguliridwa ndi Malawi, Zambia ndi Zimbabwe, onse a Chingerezi, ndipo dziko lathu lili mu Commonwealth kuyambira 1995. Chiyambireni kampani ya Vale kutulutsa malasha ku Moatize mu 2011, mpaka mgodiwo kugulitsidwa kwa kampani ya Vulcan mu 2022, kwabwera anthu a ku South Africa, India, Zimbabwe ndi kwina, aliyense ndi Chingerezi cha kwawo. Chonsecho ndi Chingerezi ndithu ndipo n'chothandiza kuchizolowera. Koma mudzamva "Am coming" wopanda "I", "Me I don't know", "Where you are going?", ndi "isn't it?" kumapeto kwa chiganizo chilichonse. Pocheza zilibe vuto. Polemba kalata kapena mayeso musazitengere. Kuti khutu lanu likhale ndi muyezo, muzimvera nkhani za Chingerezi pawailesi za ku Malawi zimene zimamveka kwanu ku Angonia, kapena maphunziro aulere a BBC Learning English pafoni, ndipo muziwerenga mabuku a malangizo a magalimoto amene ali pagalajapo, ziganizo zake ndi zazifupi ndiponso zoongoka.

Zomasulira za pafoni, monga Google Translate, ndi zabwino poyesa chiganizo chimene mwayamba mwapanga nokha. Mukazisiyira ntchito yonse, kalata idzatuluka yokongola, koma tsiku la mafunso foni idzakhala m'thumba ndipo ofunsawo adzaona msanga kuti wolemba ndi wolankhula ndi anthu awiri. Pa kalata yofunsira ntchitoyo chenjeraninso ndi chizolowezi chathu cha rekerimento, kalata yopempha ija ya m'Chipwitikizi, chiganizo chimodzi choyamba ndi "Venho por este meio" n'kuyenda theka la tsamba chisanapume. Chikamasuliridwa m'Chingerezi, wochita ndi mneni amatayana panjira. Dulani. "I am writing to apply for the post of assistant mechanic. I work in a garage in Moatize. I repair brakes and change filters." Kwa owerenga Chingerezi kufupikitsa koteroko si mwano, ndi kulemba bwino.

Pali nthawi zimene simuyenera kudalira khama lanu lokha. Kontirakiti ya ntchito, mapepala a kasitomu, malamulo a chitetezo amene akukusainitsani, kapena kalata ya kuchipatala cha ku Blantyre kapena ku Harare, zimenezo musasaine kapena kuchitapo kanthu chifukwa choti mwazindikiramo mawu ambiri. M'zikalata zotere "unless" mmodzi kapena "not" amene simunamuone amatembenuza nkhani yonse. Pemphani za m'Chipwitikizi, ndicho chilankhulo cha boma kuno, kapena pitani nazo kwa munthu amene amachidziwadi Chingerezi. Ngati mwachita masewera a timapepala aja mokhulupirika kwa miyezi itatu kapena inayi koma zolakwa zomwezo zikubwerabe, ndiye kuti mukufunika munthu woti azikuchongerani, chifukwa cholakwa chimene wachizolowera sungachione wekha. Ngati mukuganiza zokaphunzira kunja kumene amafuna mayeso a Chingerezi a IELTS kapena TOEFL, amenewo ali ndi kakonzekeredwe kakekake kofuna mphunzitsi amene anawakonzekeretsapo anthu. Ndipo poti mumakhala paphokoso la mainjini ndi magalayinda, ngati mwaona kuti ngakhale m'Chichewa mumapempha anthu kubwereza kawirikawiri, kayezetseni makutu kuchipatala. Timawu ngati "do", "are", "did" ndi "have" eni ake amatitchula motsitsa ndi mofulumira, moti khutu likafooka pang'ono timeneti ndi timene timayamba kusowa, chonsecho chiganizo chaima pa ito.

Mukaganiza zolipira sukulu ya madzulo, kaya ku Moatize kaya mumzinda, kapena mphunzitsi wa ku sekondale wophunzitsa mwapadera, pemphani kuti mukhale nawo m'kalasi tsiku limodzi musanatulutse ndalama. Onani amene akulankhula kwambiri. Ngati ndi mphunzitsi yekha, akufotokoza malamulo m'Chipwitikizi ola lonse ophunzira akungokopera, kumeneko mukadzaza kope lachiwiri basi. Amene akulonjeza Chingerezi pa mwezi umodzi ndi satifiketi pamwamba, asiyeni, kumgodi akakuyesani pakamwa. Bwerekani kope la wophunzira mmodzi mutsegule. Muyang'ane ngati muli ziganizo zopanga yekha, ndiponso ngati mphunzitsi anadutsamo ndi cholembera, kujambula mivi yosonyeza kumene liwu linayenera kuima, n'kumuuza kuti alembenso.